Adaptive optics ndi milalang'amba yakutali

Adaptive optics ndi luso limene akatswiri a zakuthambo amagwiritsa ntchito pochotsa chimbuuzi chimene mpweya wozungulira dziko lapansi umabweretsa pa zithunzi za nyenyezi ndi milalang'amba. Telesikopu yokhala ndi luso limeneli imayeza mmene mpweya wapotozera kuwala, kenako imapinda galasi lopyapyala maulendo mazanamazana pa sekondi imodzi kuti kuwalako kuwongoke kusanafike pa kamera. Ganizoli linayamba mu 1953, koma linayamba kugwira ntchito bwino pa matelesikopu akuluakulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Luso limeneli lathandiza kwambiri pophunzira milalang'amba yakutali imene kuwala kwake kwayenda zaka 10 biliyoni kapena kuposerapo. Popanda lusoli, milalang'amba yotere imangooneka ngati timadontho tosalongosoka. Nalo, akatswiri atha kuona mkati mwake ndi kuyeza mmene gasi wake akuyendera.

Vuto la mpweya

Mpweya wozungulira dziko sukhala bata. Mpweya wofunda ndi wozizira umasakanikirana nthawi zonse, ndipo mphepo imaukankha. Kuwala kumadutsa mofulumirirapo pang'ono mu mpweya wofunda kusiyana ndi wozizira, choncho kumapindika pang'ono nthawi iliyonse pamene kwachoka m'chigawo china kulowa m'china. N'chifukwa chake zinthu za kutsidya kwa moto, kapena za kumapeto kwa msewu wa phula masana otentha, zimaoneka ngati zikunjenjemera. Kuthwanima kwa nyenyezi usiku kumachokeranso pomwepo.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Mafunde ochokera ku nyenyezi yakutali amafika pamwamba pa mpweya ali owongoka komanso ondondozana bwino ngati mizere ya m'munda wolimidwa mosamala. Akadutsa mumpweya amafika pansi atakhotakhota, ndipo kukhotako kumasintha pa kachigawo kakang'ono ka sekondi. Kamera ikatsegulidwa kwa nthawi yaitali, kadontho ka nyenyezi kamafalikira n'kukhala banga.

Akatswiri amayeza kukula kwa banga limeneli ndi muyezo wotchedwa arcsecond. Digiri imodzi ili ndi ma arcsecond 3,600, ndipo mwezi wathunthu ndi wotambalala pafupifupi ma arcsecond 1,800. Arcsecond imodzi ikufanana ndi mmene ndalama yachitsulo yotambalala masentimita 2.4 ingaonekere ili pa mtunda wa makilomita 5. Pa mapiri abwino kwambiri oonerapo zakuthambo, monga Mauna Kea ku Hawaii ndi Cerro Paranal ku Chile, mpweya umafalitsa nyenyezi kufika pakati pa theka la arcsecond ndi arcsecond imodzi.

Malinga ndi malamulo a kuwala, galasi la telesikopu likamakula, liyenera kuonetsa tizinthu tating'ono kwambiri. Galasi la mamita 10 likuyenera kusiyanitsa zinthu zotalikirana ndi 0.05 arcsecond pa kuwala kwa infrared, kumene ndi kuwala kwa mafunde aatali kuposa kofiira ndipo maso a munthu sakuona. Koma mpweya umalepheretsa zimenezi. Pa kuwala kooneka ndi maso, telesikopu yaikulu yopanda adaptive optics imasiyanitsa zinthu mofanana ndi telesikopu ya masentimita 10 mpaka 20. Imasonkhanitsa kuwala kochuluka, koma chithunzi chake sichikhala chakuthwa kuposa cha yaing'onoyo. Isaac Newton anazindikira vutoli kalekale. M'buku lake la Opticks analemba kuti kutalikitsa telesikopu sikungathetse kunjenjemera kwa mpweya, ndipo ananena kuti mwina mpweya wabata ungapezeke pamwamba pa mapiri aatali.

Chifukwa chake milalang'amba yakutali imavuta

Mlalang'amba ndi gulu lalikulu la nyenyezi, gasi ndi fumbi zimene zimagwirana chifukwa cha mphamvu yokoka. Dzuwa lili mu mlalang'amba wotchedwa Milky Way, umene uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni ndipo umaoneka ngati mkwasa woyera wodutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi. Mitunda ya kuthambo imayezedwa ndi zaka za kuwala. Chaka chimodzi cha kuwala ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa chaka, womwe ndi makilomita pafupifupi 9.5 thiriliyoni. Milky Way ndi wotambalala zaka za kuwala pafupifupi 100,000.

Popeza kuwala kumatenga nthawi kuti kufike, kuona kutali n'chimodzimodzi kuona kale. Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, ndipo nyenyezi zinkabadwa mochuluka kwambiri zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo. Wofuna kudziwa mmene milalang'amba ngati wathuwu inapangikira ayenera kuona milalang'amba ya nthawi imeneyo.

Pali zinthu zitatu zimene zimavutitsa. Choyamba ndi kuchepa. Pa mtunda umenewo, arcsecond imodzi imaphimba dera la zaka za kuwala pafupifupi 27,000, ndipo milalang'amba yambiri ya nthawiyo inali yaing'ono kuposa ya masiku ano. Motero mlalang'amba wonse umakhala wofanana kukula ndi banga limene mpweya umapanga, ndipo zonse za mkati mwake zimasakanikirana.

Chachiwiri ndi kufooka kwa kuwala. Chifukwa chakuti chilengedwe chikufutukuka, mafunde a kuwala amatanuka ali pa ulendo. Akatswiri amakutcha kutanukaku redshift. Pa redshift ya 2, mafunde amafika atatalika katatu, ndipo chigawo chilichonse cha mlalang'amba chimaoneka chofooka maulendo 81 poyerekeza ndi mmene chikanaonekera chili pafupi.

Chachitatu n'chakuti kutanukaku kumasuntha kuwala kofunika kwambiri. Gasi wa haidrojeni amene watenthedwa ndi nyenyezi zongobadwa kumene amatulutsa kuwala kofiira kotchedwa H-alpha, kwa mafunde aatali ma nanometer 656. Pa redshift ya 2 kuwala kumeneku kumafika kutasanduka infrared, kwa mafunde aatali pafupifupi ma nanometer 2,000. Apa pali mwayi, chifukwa adaptive optics imagwira bwino kwambiri pa infrared: mafunde aatali sasokonezeka kwambiri ndi mpweya, ndipo kukhota kwawo kumasintha pang'onopang'ono.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Makina a adaptive optics ali ndi zigawo zitatu zimene zimagwira ntchito mozungulira, china chikudyetsa chinzake.

Chigawo choyamba ndi chipangizo choyeza kukhota kwa mafunde. Chofala kwambiri chimatchedwa Shack-Hartmann. Chili ndi timagalasi ting'onoting'ono tambiri toyalidwa m'mizere, ndipo kalikonse kamapanga kadontho kakekake ka nyenyezi imodzi. Mafunde akakhala owongoka, timadontho timakhala pamalo pake motalikirana mofanana. Akakhota, timadontho timasuntha, ndipo kusunthako kumasonyeza kumene funde lapendekera ndi mmene lapendekera.

Chigawo chachiwiri ndi kompyuta yothamanga kwambiri. Imawerengera mawonekedwe amene galasi liyenera kukhala nawo kuti lifafanize kukhotako.

Chigawo chachitatu ndi galasi lopindika. Ndi lopyapyala, ndipo kumbuyo kwake kuli timakina tambiri tolikankha ndi kulikoka pa mlingo wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pamene funde latsogola, galasi limabwerera mmbuyo. Pamene funde latsalira, galasi limatukuka. Kuwala kukamachoka pa galasilo kumakhala kutawongokanso. Galasi lopindika limene lagwira ntchito kwa zaka zambiri pa matelesikopu a Keck ku Mauna Kea lili ndi timakina 349. Pa telesikopu ya Yepun, imodzi mwa zinayi za Very Large Telescope ku Cerro Paranal, galasi lachiwiri la telesikopuyo ndi limene limapindika. Ndi lotambalala mamita 1.1, lochindikala mamilimita 2 okha, ndipo lili ndi timakina 1,170.

Ntchito yonseyi, kuyambira kuyeza mpaka kupinda galasi, imabwerezedwa maulendo mazana angapo mpaka 1,000 kapena kuposerapo pa sekondi, chifukwa ikachedwa, galasi limakonza mpweya umene wapita kale.

Nyenyezi zopanga ndi laser

Kuti chipangizo choyeza chigwire ntchito mofulumira chotero, chimafuna nyenyezi yowala bwino. Mlalang'amba wakutali sungagwire ntchito imeneyi chifukwa kuwala kwake n'kofooka kwambiri. Pamafunika nyenyezi yotsogolera imene ili pafupi nawo kuthambo, mkati mwa ma arcsecond makumi ochepa, kuti kuwala kwa zonse ziwiri kudutse mumpweya umodzimodzi. Nyenyezi zotere n'zosowa. Komanso madera a thambo amene akatswiri anasankha kuti afufuzemo milalang'amba yakutali, monga Hubble Deep Field, anasankhidwa dala kutali ndi nyenyezi zowala kuti zisathobwe kamera.

Njira yothetsera vutoli ndi kupanga nyenyezi. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumwamba pali chigawo chopyapyala chokhala ndi sodiyamu, amene amatsalira timiyala tochokera kuthambo tikamapsa polowa mumpweya. Telesikopu imawalitsa laser ya mtundu wachikasu, ya mafunde aatali ma nanometer 589, ndipo sodiyamuyo amayaka n'kupanga kadontho kowala pamalo alionse amene akatswiri akufuna. Telesikopu ya Yepun ili ndi ma laser anayi, iliyonse ya mphamvu ya ma watt 22, amene anayamba kuyaka mu 2016.

Nyenyezi yopangayi ili ndi zofooka zake. Kuwala kwa laser kumadutsa mumpweya pokwera ndi potsika, choncho sikungasonyeze mmene chithunzi chonse chikudumphiradumphira. Pamafunikabe nyenyezi yeniyeni yoyezera kudumphaku, ngakhale kuti ikhoza kukhala yofooka ndiponso yotalikirapo. Chinanso n'chakuti kadontho ka laser kali pafupi poyerekeza ndi nyenyezi, motero kuwala kwake sikudutsa mumpweya wonse umene kuwala kwa mlalang'amba kwadutsamo. Kugwiritsa ntchito ma laser angapo nthawi imodzi kumachepetsa vutoli. Ma laser amazimitsidwanso ndege ikamadutsa pafupi.

Mbiri

Horace Babcock, katswiri wa zakuthambo wa ku Mount Wilson ndi Palomar ku California, ndi amene anafotokoza ganizoli mu 1953. Pa nthawiyo kunalibe makompyuta kapena zipangizo zothamanga mokwanira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, asilikali a dziko la United States anapititsa lusoli patsogolo mwachinsinsi chifukwa ankafuna kujambula masetilaiti a Soviet Union. Ntchito yaikulu yoyesa nyenyezi za laser inachitikira ku New Mexico motsogoleredwa ndi Robert Fugate. Ku France, Renaud Foy ndi Antoine Labeyrie anafalitsa paokha ganizo la nyenyezi ya laser mu 1985. Zambiri zimene asilikali anapeza zinaululidwa mu 1991.

Akatswiri a ku Europe anali atayamba kale ntchito yawo. Makina awo otchedwa COME-ON anajambula zithunzi zoyamba zokonzedwa mu 1989 ku Observatoire de Haute-Provence ku France, ndipo kenako anawatengera ku La Silla ku Chile. Telesikopu ya Keck II, ya mamita 10, inayamba kugwiritsa ntchito adaptive optics mu 1999, ndipo inayamba kufufuza ndi nyenyezi ya laser mu 2004. Very Large Telescope, imene magalasi ake ndi a mamita 8.2, inalandira makina ake oyamba otchedwa NACO mu 2001.

Ntchito yodziwika kwambiri ya lusoli inachitika pa mlalang'amba wathu womwe. Magulu awiri, la Reinhard Genzel ku Germany ndi la Andrea Ghez ku United States, anatsatira kwa zaka zambiri nyenyezi zozungulira pakatikati pa Milky Way. Imodzi mwa izo, yotchedwa S2, imamaliza ulendo wake pa zaka 16. Kayendedwe kake kanasonyeza kuti pamenepo pali black hole, chinthu chothithikana kwambiri moti ngakhale kuwala sikungatulukemo, cholemera ngati madzuwa 4 miliyoni. Genzel ndi Ghez analandira mphoto ya Nobel mu 2020 limodzi ndi Roger Penrose.

Zimene zapezeka pa milalang'amba yakutali

Telesikopu ya Hubble, imene inatumizidwa mu 1990 ndipo imazungulira pamwamba pa mpweya, inaonetsa kuti milalang'amba yambiri yakutali ndi yosalongosoka, yokhala ndi mibulu yowala apa ndi apo. Akatswiri ambiri anaganiza kuti mibuluyo ndi timilalang'amba timene tikuwombana ndi kuphatikizana. Chithunzi chokha sichikanathetsa nkhaniyi. Panafunika kuyeza kayendedwe ka gasi, ndipo ntchito imeneyi imafuna kuwala kochuluka. Galasi la Hubble ndi la mamita 2.4, pamene la Keck limasonkhanitsa kuwala kochuluka pafupifupi maulendo 17.

Choncho akatswiri analumikiza adaptive optics ndi zipangizo zimene zimagawa kuwala kwa kadontho kalikonse ka chithunzi m'mitundu yake, monga zimachitikira pa utawaleza. Ku Very Large Telescope chipangizochi chinali SINFONI, chimene chinayamba ntchito mu 2004, ndipo ku Keck ndi OSIRIS. Gasi amene akubwera cha kuno amatulutsa mafunde ofupikirapo, ndipo amene akupita kutali amatulutsa mafunde otalikirapo. Ngati mlalang'amba ukuzungulira ngati lichero lopendekeka, mbali imodzi imaoneka ikubwera, ina ikupita, ndipo liwiro limasintha mwadongosolo kuchokera mbali ina kufika ina. Ngati ndi milalang'amba iwiri imene ikuwombana, dongosolo limeneli silioneka.

Mu 2006, gulu la Genzel linafalitsa zimene linapeza pa mlalang'amba wotchedwa BzK-15504, wa redshift ya 2.38. Unaoneka monga unalili chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 3 biliyoni. SINFONI inatha kusiyanitsa zinthu zotalikirana ndi 0.15 arcsecond, womwe ndi mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 4,000. Anapeza kuti ndi mlalang'amba waukulu wozungulira ngati lichero, wodzaza gasi, ndipo gasi wina akutsikira pakati pake. Kafukufuku wotchedwa SINS, wotsogoleredwa ndi Natascha Förster Schreiber, anayeza milalang'amba ina yambiri. Anasonyeza kuti ina imene inkaoneka yosokonekera chifukwa cha chimbuuzi cha mpweya imazungulira mwadongosolo ikaonedwa bwino.

Komabe milalang'amba imeneyi si yofanana ndi Milky Way wa lero. Ndi yochindikala, gasi wake amawinduka kwambiri, ndipo imabala nyenyezi zolemera ngati madzuwa makumi kapena mazana pa chaka, pamene Milky Way amabala zolemera ngati dzuwa limodzi kapena awiri. Mibulu yambiri imene Hubble inaona imazungulira limodzi ndi lichero lonse, kusonyeza kuti inapangikira momwemo pamene gasi wochuluka anaundana chifukwa cha kulemera kwake. Izi zinalimbikitsa ganizo lakuti milalang'amba yambiri inakula polandira gasi mosalekeza kuchokera kunja, ndipo kuwombana ndi njira imodzi chabe mwa njira zimene inakulira.

Nthawi zina chilengedwe chimathandiza. Mlalang'amba wolemera ukakhala pakati pa dziko lapansi ndi wina wakutali, mphamvu yake yokoka imapinda kuwala kwa wakutaliwo n'kuukulitsa ngati galasi lokuzira zinthu. Mu 2008, Daniel Stark ndi anzake anagwiritsa ntchito OSIRIS pa mlalang'amba wokuzidwa motere wotchedwa Cosmic Eye, wa redshift ya 3.07. Anatha kuona zigawo zazing'ono mpaka zaka za kuwala mazana ochepa, ndipo anapeza kuti nawonso unali utayamba kuzungulira.

Mu 2012, David Law ndi anzake analengeza za BX442, wa redshift ya 2.18. Pa milalang'amba pafupifupi 300 imene anaijambula ndi Hubble, uwu wokha ndi umene unali ndi mikono yokhotakhota yooneka bwino. OSIRIS inatsimikiza kuti mikonoyo ndi ya mlalang'amba umodzi wozungulira, osati zinthu zosiyana zimene zangopezeka pa mzere umodzi. Gululo linanena kuti mwina kamlalang'amba kakang'ono kodutsa pafupi ndi kamene kanadzutsa mikonoyo.

Malire a lusoli

Adaptive optics sichotsa chimbuuzi chonse. Gawo lina la kuwala limasonkhana pa kadontho kakuthwa, ndipo lina limatsala litafalikira mozungulira. Kuchuluka kwa gawo lililonse kumasintha malinga ndi nyengo, zimene zimavutitsa poyeza kuwala kwenikweni kwa chinthu chofooka. Chithunzi chikakhala chakuthwa, kuwala kochepa kwa mlalang'amba kumagawidwa pa timadontho tambiri, choncho pamafunika maola ambiri pa mlalang'amba umodzi. Mpweya nawonso umawala pa infrared, ndipo kuwala kwakeko kumaphimba zinthu zofooka. Pa zifukwa zimenezi, milalang'amba yakutali imene yayezedwa ndi adaptive optics ndi yochepa, ndipo yambiri ndi yaikulu komanso yowala kuposa inzake ya nthawi yomweyo.

Dera limene limakonzeka ndi laling'ononso. Pofuna kulikulitsa, telesikopu ya Gemini South ku Cerro Pachón ku Chile inayamba mu 2011 kugwiritsa ntchito makina otchedwa GeMS, amene amapanga nyenyezi zisanu za laser ndi kukonza mpweya wa m'munsi ndi wa m'mwamba ndi magalasi osiyana. Ku Yepun, chipangizo chotchedwa MUSE chinalumikizidwa ndi ma laser anayi aja mu 2017, ndipo chimagwira ntchito pa kuwala kooneka ndi maso.

Matelesikopu atsopano

Telesikopu ya James Webb, imene inatumizidwa pa 25 December 2021, ili ndi galasi la mamita 6.5 ndipo ili kutali ndi mpweya wa dziko. Imaona milalang'amba yofooka kwambiri imene matelesikopu apansi sangaione. Koma kukula kwa galasi limene lingatumizidwe kuthambo kuli ndi malire, pamene pansi pano n'zotheka kumanga lalikulu kwambiri.

Bungwe la European Southern Observatory likumanga Extremely Large Telescope pa phiri la Cerro Armazones ku Chile. Galasi lake lalikulu lidzakhala la mamita 39, lopangidwa ndi zidutswa 798. Galasi lake lachinayi, lotambalala mamita 2.4, lidzakhala lopindika ndipo lidzakhala ndi timakina toposa 5,000. Adaptive optics ikadzagwira bwino, telesikopuyi idzatha kusiyanitsa zinthu zazing'ono pafupifupi maulendo 6 kuposa James Webb pa kuwala kofanana. Pa milalang'amba ya zaka 10 biliyoni zapitazo, zimenezi zidzalola akatswiri kuona mkati mwa mibulu ija ndi kufufuza ngati imasweka msanga kapena imakhalitsa mpaka kutsikira pakati pa mlalang'amba, funso limene likukambidwabe. Ikuyembekezeka kuyamba ntchito cha m'ma 2030.